Mfuti yosakira nyama ya anthu amanzere

Mfuti yosakira nyama ya anthu amanzere ndi mfuti yaitali ya mtundu wa bolt-action imene inapangidwa motembenuza, kuti mlenje amene amaika mfuti paphewa lamanzere azitha kuitsegula ndi kuitseka ndi dzanja lamanzere popanda kuichotsa paphewapo. Chogwirira chake chili kumanzere, ndipo khoko la chipolopolo chimene chawomberedwa limatulukiranso kumanzere, kutali ndi nkhope ya mwini wake. Mfuti zotere sizipangidwa m'Malawi. Zimachokera ku America ndi ku Ulaya, nthawi zambiri kudzera kwa ogulitsa a ku South Africa, ndipo ngakhale kumayiko amenewo zimapangidwa zochepa poyerekeza ndi za anthu amanja.

Kwa munthu wokhala kumalo ngati chigwa cha Domasi m'boma la Zomba, dzina la kampani yopanga mfutiyo limabwera pambuyo. Zimene zimayamba ndi diso limene munthuyo amalozera nalo, nyama imene lamulo limamulola kusaka, ndiponso ngati zipolopolo za mfutiyo zingapezeke ikafika.

Mmene imagwirira ntchito

Bolt ndi chitsulo chobulungira, chotalika ngati chikhatho, chimene chimayenda kumbuyo kwa mpope wa mfuti ngati mmene umayendera mpiringidzo wachitsulo wa pachitseko. Mlenje amakweza chogwirira, n'kukokera bolt kumbuyo, ndipo khoko lakale limatayidwa kunja. Akakankhira bolt kutsogolo, imanyamula chipolopolo chatsopano kuchokera m'magazini n'kuchilowetsa mumpope. Akatsitsa chogwirira, mano awiri kapena atatu a bolt amalumana ndi thupi la mfuti. Manowa ndi amene amapirira mphamvu ya wonga ukaphulika. Pa chipolopolo cha .308 Winchester mphamvuyo imatha kupitirira ma bar 4,000, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri kapena kuposerapo pang'ono.

Munthu wamanja amaika tsaya lake kumanzere kwa thako la mfuti, choncho opanga anaika chogwirira ndi khomo lotulukira khoko kumanja. Wamanzere akatenga mfuti yomweyo, tsaya lake limakhala kumanja, mbali imodzi ndi khomolo. Pamenepa pamabuka mavuto awiri. Loyamba ndi la liwiro: kuti akonze chipolopolo chachiwiri ayenera kudutsitsa dzanja lamanzere pamwamba pa mfuti, kumene galasi loyang'anira limamutchinga, kapena kusiya kutsogolo kwa mfuti n'kukoka bolt ndi dzanja lamanja. Njira yachiwiriyi imayenda bwino mfuti ikatsamira pamtengo kapena pathumba la mchenga, ndipo alenje ena amanzere amaikonda. Koma munthu akaimirira m'tchire popanda potsamiritsa, mfuti imagwa mphuno ndipo nyama imachoka m'maso.

Vuto lachiwiri ndi losowa koma ndi lalikulu. Khoko likang'ambika mkati mwa mfuti, mpweya wamoto ndi tizidutswa tamkuwa zimafuna potulukira, ndipo khomo la khoko ndi imodzi mwa njira zake. Mfuti ya amanja inapangidwa poganizira kuti mbali imeneyo kulibe nkhope ya munthu. Wamanzere amaika diso lake pafupi ndi mbali yomweyo. Ngozi yotere imachuluka pa zipolopolo zakale, zadzimbiri kapena zodzazidwanso mosasamala, zimene ndi zomwe zimakonda kupezeka kumene zatsopano zikusowa.

Dzanja ndi diso

Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse padziko lapansi ndi wamanzere. Koma polozera mfuti chofunika kwambiri ndi diso. Munthu aliyense ali ndi diso limodzi limene ubongo umalidalira kuposa linzake, ndipo anthu pafupifupi atatu mwa khumi amadalira lamanzere. Ambiri mwa anthu amenewa amalemba ndi kudya ndi dzanja lamanja.

M'Malawi nkhaniyi ili ndi mbali inanso. M'mabanja ambiri mwana amadzudzulidwa akatema nsima, akapereka moni kapena akalandira chinthu ndi dzanja lamanzere. Kafukufuku wa Y. P. Zverev wa ku College of Medicine ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya sayansi ya Brain and Cognition, anapeza kuti ambiri mwa anthu amene anafunsidwa ankaona kuti dzanja lamanzere siloyenera pa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo ankavomereza kuti mwana wamanzere azikakamizidwa kusintha. Zotsatira zake n'zakuti munthu wamkulu angathe kudziyesa wamanja chifukwa cha mmene analeredwera, pamene legeni, nkhwangwa kapena mwala amagwira ndi lamanzere. Dzanja lolembera lokha silokwanira kumuuza mfuti imene ayenera kugula.

Kudziwa diso lodalirika n'kosavuta. Munthu amatambasula manja onse awiri, n'kusiya kampata kakang'ono pakati pa zala, kenaka amayang'ana chinthu chakutali monga mtengo kudzera pakampatako maso onse ali otsegula. Akatsinzina diso limodzi mtengowo n'kukhalabe pakampata, diso lotsegulalo ndiye lodalirika. Aphunzitsi ambiri a kuwombera amalangiza kuti wongoyamba kumene atsate diso, chifukwa dzanja limaphunzira ntchito yatsopano msanga koma diso silisintha chizolowezi. Galasi loyang'anira limachepetsako vutoli, moti amene wakhala zaka zambiri akuwombera paphewa lamanja sakakamizika kusintha.

Mbiri

Mfuti yoyamba ya bolt-action imene gulu lankhondo linaivomereza inali ya Dreyse, ku Prussia mu 1841. Mfuti zambiri zosakira za masiku ano zinatengera ya Mauser ya 1898 ya ku Germany. Zonsezi zinapangidwira asilikali, ndipo gulu lankhondo silinkafunsa msilikali za dzanja lake: aliyense ankaphunzitsidwa kuwombera ngati wamanja.

Kudera la Zomba mfuti zinafika kale mabolt-action asanabwere. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a Chiyao ankagula mfuti za gogodela ndi wonga kugombe la nyanja ya mchere posinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Pamene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland ankatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia, gogodela inali mfuti yodziwika m'derali. Mgwirizano wa ku Brussels wa 1890 unaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu a Chiyao monga Kawinga wa ku Chikala, pakati pa 1891 ndi 1895, zinasiya mfuti zamphamvu m'manja mwa boma la atsamunda ndi azungu. Mu 1897 boma linakhazikitsa malo oyamba otetezera nyama ku Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa. Lamulo la nyama la 1926 linaletsa njira zambiri za makolo zochitira uzimba, ndipo mabungwe a anthu akuda pamodzi ndi amishoni ena analitsutsa.

Bolt-action imene Amalawi ambiri anaigwira ndi Lee-Enfield ya chipolopolo cha .303, imene dziko la Britain linayamba kugwiritsa ntchito mu 1895. Inali mfuti ya asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi likulu lake lina ku Zomba, kumene masiku ano kuli Cobbe Barracks ndi chipilala cha chikumbutso cha asilikaliwo. Magazini yake imatenga zipolopolo khumi, ndipo chogwirira chake chili kumanja.

Wamanzere anayamba kuganiziridwa mochedwa. Kampani ya Savage ya ku America inatulutsa Model 110 mu 1958, ndipo mu 1959 inatulutsa yamanzere yake, imene imadziwika kuti ndi bolt-action yoyamba ya amanzere yopangidwa yambirimbiri m'fakitale. Zisanatero, wamanzere ankalipira mmisiri wa mfuti kuti amusamutsire chogwirira, ntchito yodula kwambiri. Remington 700 inatuluka mu 1962 ndipo yamanzere yake inatsatira patapita zaka zoposa khumi.

Malo osakirako

Chigwa cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa. Mtsinje wa Domasi umatsika m'chigwachi, n'kudutsa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, mpaka kukathira m'dambo la nyanja ya Chilwa. Kumtunda kuli nkhalango yotetezedwa ya Zomba-Malosa, mmene mumapezeka anyani, apusi, nguluwe, mbawala ndi agwape. Kusaka m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la nkhalango la 1997. Kumunsi kuli midzi yothithikana, minda, sukulu ndi maofesi monga Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education. Chipolopolo cha .303 kapena .308 chikaphonya chingathe kuuluka mtunda woposa makilomita atatu, ndipo ngakhale kachipolopolo ka .22 kamapitirira kilomita imodzi ndi theka. M'chigwa chotere ndi malo ochepa kwambiri amene munthu angawombere ali wotsimikiza kuti kuseri kwa nyama kulibe nyumba kapena munthu wolima.

Ulenje umene ukuchitikabe kwambiri m'derali ndi wa mbalame za m'madzi ku Chilwa, nyanja imene inalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika wa Ramsar. Kumeneko alenje amagwiritsa ntchito misampha, ulimbo ndi mfuti za chifefe zowaza timipira, ndipo anapanga magulu awo mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi. Mfuti ya chipolopolo chimodzi ilibe ntchito pa abakha ndi atsekwe ouluka, ndipo ndi yoopsa pamadzi chifukwa chipolopolo chimanjanja n'kupitirira.

Paki ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015, salola kusakamo. Ng'ona ndi mvuu zikavuta anthu mumtsinje wa Shire kapena kwina, ntchito yozipha ndi ya alenje a boma a nthambi ya National Parks and Wildlife. Lamulo la 1992 loteteza nyama zakutchire limalola munthu kudziteteza ku chilombo, koma akapha nyama yotetezedwa ayenera kukanena msanga, ndipo nyamayo imakhala ya boma. Lamuloli litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere chinafika zaka 30 m'ndende.

Motero Mmalawi wogula mfuti yotere kawirikawiri amakaigwiritsa ntchito kwina: m'mafamu oweta nyama zakutchire, m'madera osakirako ozungulira mapaki a chigwa cha Luangwa monga Lupande kum'mawa kwa Zambia, m'madera osakirako a Niassa ndi Tete ku Mozambique, kapena ku Zimbabwe ndi South Africa. Dziko lililonse limafuna chilolezo chake cholowetsera mfuti kwa kanthawi.

Kusankha chipolopolo

Alenje odziwa amasankha chipolopolo asanasankhe mfuti. Mfuti imawombera saizi imodzi yokha, yodindidwa pampope, ndipo zipolopolo za saiziyo zikasowa imangokhala ndodo yolemera. Saizi zimene zakhazikika kum'mwera kwa Africa ndi .308 Winchester ya 1952, .30-06 ya 1906, .303 ya Lee-Enfield ija, 7x57 ya Mauser, ndi .375 H&H imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Saizi zatsopano zotchuka m'magazini a ku America zingakhale zabwino, koma wogula wa ku Zomba ayenera kufunsa kaye ngati wogulitsa wovomerezeka wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe amazisunga.

Pa nguluwe, mbawala, nswala ndi ngoma, .308 kapena .30-06 zimakwanira ndipo sizikankha phewa mopambanitsa. Pa nyama zoopsa mayiko amaika malire. Ku Zimbabwe, mwachitsanzo, njovu, njati ndi mvuu zimafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 m'mimba mwake, ndipo .375 H&H ndiyo saizi imene imavomerezedwa pafupifupi kulikonse. Apa m'pamene wamanzere amaona kuchepa kwa mwayi wake. Makampani amapanga zamanzere m'saizi zochepa zokha, zogulidwa kwambiri. Ya .308 kapena .30-06 imapezeka mosavuta, ya.375 imafuna kufufuza kapena kuitanitsa mwapadera, ya.303 yatsopano ya m'fakitale n'kovuta kuiona.

Mitundu ndi zoyang'ana

Mwa mfuti zimene zakhala zikupangidwa zamanzere pali Savage 110, Remington 700, Ruger M77, Browning X-Bolt, Tikka T3x ya kampani ya Sako ya ku Finland, Zastava M70 ya ku Serbia ndi Blaser R8 ya ku Germany, imene bolt yake imakokedwa molunjika popanda kukweza ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Mndandanda wa zimene zilipo umasintha chaka ndi chaka, chifukwa malonda akatsika kampani imayamba kusiya zamanzere.

Sikuti mfuti iliyonse yolembedwa kuti ndi yamanzere inatembenuzidwa yonse. Remington 788 yamanzere inali ndi chogwirira kumanzere koma khoko linkatulukirabe kumanja. Zinanso zimangokhala za amanja zoikidwa pathako la amanzere. Wogula amene sangathe kuigwira mfutiyo isanafike ayenera kuona zithunzi za mbali zonse ziwiri, n'kutsimikiza kuti chogwirira ndi khomo la khoko zili mbali imodzi.

Thako nalo lili ndi mbali yake. Ena amalisema ndi chotupa chotsamirapo tsaya, ndipo ena amalikhotetsa pang'ono kuti mpope ulunjike ndi diso la wamanja. Thako lotere limamukankha wamanzere pachibwano. Thako lowongoka, lofanana mbali zonse, limayenera aliyense. Loko woletsa mfuti kulira yokha amakhala malo osiyanasiyana: pa Savage 110 ndi Browning X-Bolt ali pamwamba, kumbuyo kwa bolt, pamene chala chachikulu cha dzanja lililonse chimafika, pa mitundu ina ali pambali, ndipo ayenera kukhala atasamutsidwa pamodzi ndi chogwirira.

Alenje a nyama zoopsa amatsutsana kwambiri pa kagwiridwe ka chipolopolo. Pa dongosolo la Mauser, chikhadabo chachitali chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'magazini mpaka khoko litatayidwa. Pa dongosolo linalo, monga la Remington 700, Savage 110 ndi Tikka, bolt imangochikankha, n'kuchigwira chitalowa kale mumpope. Okonda la Mauser amati silikodwa munthu akakoka bolt mwamantha njati ikubwera. Pa mbawala ndi nguluwe kusiyanaku kulibe kanthu. Wamanzere wofuna la Mauser pamtengo wochepa amayang'ana Zastava kapena Ruger.

Nyengo ya Zomba imafunanso kuganiziridwa. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa mapiri. Thako lamtengo limamwa chinyezi n'kutupa, ndipo likakhudza mpope mfuti imayamba kuphonya pamalo pamene inkalasa dzulo. Thako lapulasitiki ndi mpope wachitsulo chosachita dzimbiri msanga sizikongola ngati mtengo wosemedwa bwino, koma sizivuta kusamala.

Pali njira ina imene ambiri amaiiwala. Mfuti yolowetsa chipolopolo chimodzi pamanja, monga Ruger No. 1 kapena zothyoka pakati, ilibe chogwirira cha pambali ndipo imayenera dzanja lililonse. Amene sasaka nyama zoopsa sataya zambiri posankha yotere.

Malamulo ndi kuitanitsa

Mfuti m'Malawi zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo kaundula wake amasungidwa ndi apolisi. Kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kulowetsa mfuti m'dziko kumafuna chilolezo chakechake. Chilolezo cha mfuti si chilolezo chosakira. Chosakira chimachokera ku nthambi ya National Parks and Wildlife.

Dongosolo loyenera ndi kuyamba ndi mapepala, ndalama pambuyo. Wogulitsa wa kunja satumiza mfuti asanaone chilolezo cha dziko lolandira, ndipo dziko lake nalo limapereka chilolezo chotulutsira. Ku South Africa zimenezi zili pansi pa lamulo la Firearms Control Act la 2000. Mgwirizano wa mayiko a SADC wokhudza mfuti ndi zipolopolo, umene unasainidwa ku Blantyre mu Ogasiti 2001, umafuna kuti mfuti zikhale ndi chizindikiro chozisiyanitsa ndiponso zilembedwe m'kaundula. Nambala yodindidwa pamfuti, saizi yake ndi dzina la kampani ziyenera kufanana ndendende ndi zolembedwa pamapepala, apo ayi katunduyo amatsakamira pachipata cha Mwanza kapena pabwalo la ndege la Chileka. Msonkho umalipiridwa ku Malawi Revenue Authority. Pandege mfuti imanyamulidwa yopanda chipolopolo, m'bokosi lolimba lokhoma, ndipo zipolopolo siziyenera kupitirira makilogalamu asanu pa munthu mmodzi.

Mtengo weniweni si umene uli pachikalata cha wogulitsa. Pamwamba pake pali galasi loyang'anira ndi zomangira zake, ulendo, msonkho, malo okhoma osungiramo, komanso vuto lopeza ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi dola kapena randi chinakwera mtengo nthawi imodzi.

Chifukwa cha zovutazi, ena amakopeka ndi mfuti zodutsa njira zachidule, makamaka m'madera a m'malire monga kutsidya kwa Chilwa, kumene zida zina zinatsalira nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Mfuti yotere ilibe mapepala otsimikizira kumene inachokera, ndipo wopezeka nayo amayankha mlandu ngakhale sanaiwombepo.

Zida zosinthira ndi kugulitsanso

Bolt, thako ndi tizitsulo tina ta mfuti yamanzere sizilowana ndi za inzake yamanja ya mtundu womwewo. Chikhadabo chotulutsira khoko chikathyoka, mwini wake angadikire miyezi, choncho ndi nzeru kuitanitsa chapadera pamodzi ndi mfutiyo, polemba chilichonse pamapepala. Magazini ndi zomangira galasi pa mitundu yambiri zimafanana, koma n'kofunika kufunsa wogulitsa.

Kugulitsanso n'kovuta. M'dziko limene anthu okhala ndi chilolezo cha mfuti yosakira ndi ochepa kale, ofuna yamanzere ndi ochepetsetsa, ndipo wogula aliyense ayenera kukhala ndi chilolezo chake mfuti isanasinthe manja. Chimodzimodzi pa chuma cha masiye: chilolezo ndi cha munthu amene dzina lake lili pamapepala, sichigawidwa ngati munda kapena njinga. Mwini mfuti akamwalira, abale amadziwitsa apolisi, ndipo mwana kapena mphwake wofuna kuitenga amayamba kupempha chilolezo m'dzina lake.